Nkhuku Yameza Mutu wa Kasinja

Okondedwa achimwene,

Muli bwanji ku Kitweko? Kuno ku Sinda tonse tili bwino, koma ine mtima suli m'malo.

Kasinja wachidole wolumikiza zidutswa uja munatumizira muphwa wanu Yohane watisowetsa mtendere. Guluu wake anafika atauma, ndiye abambo ake anamata ndi ulimbo wa mbalame. Ndi kutenthaku, timitu take tamfuti tisanu tija timangotsetsereka, zogwira ndi ntchentche zokha. Dzulo kamodzi kanagwa pansi, nkhuku n'kumeza. Yohane sakudya, akuti, "Amalume adzati ndine wosasamala." Tsopano akufuna tiphe nkhukuyo, chonsecho yoikira mazira ndi yomweyo!

Chonde tumizani guluu, ndipo mumulembere msanga kuti simunakwiye, nkhuku yanga ingafe. Mulungu akusungeni.

Ndine mlongo wanu,
Tisauke