Mawu a Bambo M'bokosi Lafumbi

Lolemba, 3 Juni

Amayi agonekedwa lero. Opaleshoni ya mtima ndi Lachisanu m'mawa. Ndikuwafunditsa anandigwira dzanja: "Mwanawe, ndisanalowe m'menemo ndimveko mawu a bambo ako." Akunena nyimbo zija bambo ankadzijambula pa kompyuta yawo asanamwalire. Ine kupepuka pakamwa, ndangoti, "Mudzamva."

Ndaisolola kuseri kwa kabati. Fumbi lake! Kuiyatsa, yangolira piii katatu, sikirini bii. Ndalonjezeranji ine?

Lachiwiri, 4 Juni

Ndaisenza mpaka kwa wokonza makompyuta wa pakona, uja timamutcha Zatheka chifukwa amanena mawuwo asanaone n'komwe chomwe chafa. Watsegula chitseko cha kumanzere, wazula timemole n'kutipukuta ndi labala wa pensulo, wasintha kabatire kangati batani la jekete. Yayaka! Foda ya bambo ilipo, "NYIMBO ZANGA". Ndadina yoyamba. Kamzere kakuyenda, koma sipika zii.

Akuti yasowa dalaivala, kapulogalamu kouza makina momwe angalankhulire ndi sipika. Ndati bwanji tingokopera nyimbozo pa fulashi. Mabowo a fulashi onse anapsa. Nanga kuchotsa disiki yosunga nyimbozo n'kuika mu kompyuta ina? N'jamakedzana, chingwe chake alibe. Mutu ukuwawa.

Lachitatu, 5 Juni

Tsiku lonse pa shopu ya intaneti. Ndimalemba dzina lili pabokosi la kompyutayo, kutsitsa dalaivala, kuika pa sidi, kuthamangira kwa Zatheka. Yakana. Kubwereranso. Masidi atatu, onse yawalavula.

Kenako iye wawunika mkati ndi tochi n'kupukusa mutu. "Achemwali, bolodi ili si la bokosi ili. Madala anasinthitsa." Bolodi ndi chithabwa chobiriwira chomwe zonse zimalumikizidwapo. Ndiye kuti tsiku lonse ndimafunafuna za makina ena! Nambala ya bolodilo inafufutika, zatsala zilembo ziwiri. Wandionetsanso kachitini kena pamenepo katupa pamwamba. Akuti tisamaiyatseyatse, ikhoza kuzima osadzukanso.

Lero sananene kuti zatheka. Ndikuopa.

Lachinayi, 6 Juni, m'mawa

Tayesa dalaivala ina yongoganizira. Kompyuta yazima yokha kawiri. Tiyi wandikanika.

Lachinayi lomwelo, madzulo

Ndilembe ndisanaiwale.

Masana kuchipatala mng'ono wanga anandikokera pakhonde. Akuti tingopeza nyimbo ya mwamuna aliyense pafoni, amayi ndi mankhwalawa sazindikira. Ndinamuyang'ana mpaka anaweramitsa mutu. Zaka makumi anayi m'nyumba imodzi, asazindikire?

Ndinalowa n'kuwauza zoona: nyimbo zilipo, mawu sakutuluka, kapulogalamu kake sikakupezeka. Ndimayembekeza misozi. Iwo anaseka, kaphwete kofooka.

"Iwe, bambo ako anakonza mawailesi moyo wawo wonse. Unaonapo wailesi yomwe anaitseka osamata kapepala m'kati mwa chivundikiro?"

Ndinatuluka osatsanzika. Kwa Zatheka ndinafika wefuwefu. Masiku onsewa timatsegula kumanzere kokha. "Tsegulani kwinaku," ndinatero. Iye akuti kumeneko kulibe kanthu, n'kuseri kwa bolodi. Ndinamulanda sikuludiraiva n'kutsegula ndekha.

Envulopu yofiirira, yomatidwa ndi tepi yakuda ngodya zonse zinayi. Dzanja la bambo lopendekera lija: "ZA MAWU. OSATAYA." M'kati muli sidi.

Inalowa. Makina anapempha kuti tiwazimitse n'kuyatsanso. Tinayang'anana, tonse tikuganiza za kachitini kotupa kaja. Ndinadina ndine, nditatsinzina. Fani inazungulira, inaima, inazunguliranso. Sikirini inawala.

Sindinafune kuyesa kaye, mwina mwayi unali umodzi wokha. Ndinaimbira mng'ono wanga kuti aike foni pakhutu la amayi, Zatheka anayandikiza yake pasipika kuti ajambule, ine n'kudina nyimbo yoyamba.

Phokoso la mpando. Chifuwa chija, kho kho. Kenako bambo, ngati ali pompano:

"Kodi yayamba kujambula? Mayi a ana, tatsekani chitsekocho, mphepo ikulowa."

Ndinabweza foni pakhutu langa. Ndinaganiza kuti yaduka. Kenako amayi, mawu ang'onoang'ono:

"Ndatseka kale, bambo. Imbani."