Bala la Payipi ya Njinga

Lachisanu, 6 Juni

A Magetsi abwera kuntchito masana. Dzinali anawapatsa ndi anzanga osita nawo zovala, poti bwenzi langali limakonza mawaya. Akuti Lamulungu tikayende pa njinga yawo yamoto, kungopitidwa mphepo. Ndizolowere, chifukwa pa 21 tikupita kwa mayi awo akandione. Maola asanu ndi awiri. Sindinakwerepo njinga yamoto. Ndavomera.

Asisi anga akuti, "Ukawagwire m'chiuno, si apongozi ako amenewo." Aseka mpaka kutsokomola. Ine manyazi.

Lamulungu, 8 Juni

Tabwerako. Poyamba zinali bwino. Amayendetsa pang'onopang'ono, kundilozera minda, ng'ombe, nyumba yomwe anaikamo mawaya. Chisoti chachikulu, chimangotsikira m'maso. M'chiuno sindinawagwire. Ndinakhala kumapeto kwa mpando, manja pa chitsulo chakumbuyo. Msana kuwawa, zala dzanzi.

Pa mlatho tinaima. Ndinatsikira kumanja. Palibe anandiuza kuti payipi ya utsi ili mbali imeneyo. Mwendo unakhudza. Ndinamva ngati nsalu ikapsa ndi simbi. Iwo anali atatembenuka, akusenda lalanje, akuimba. Ndinaluma mlomo, n'kutsitsa siketi.

Anafunsa kasanu tsiku lonse, ndinawerenga. "Muli bwinobwino kumbuyoko?" Kasanu konse ndinati eya. Anali osangalala ngati mwana. Ndikanayamba bwanji?

Lachiwiri, 10 Juni

Thuza lalikulu ngati dzira, pa katumba. Laphulika ndikuvala. Kuima tsiku lonse pa tebulo lositira, malaya makumi atatu, palibe lomwe ndapsereza. Abwana aona ndikutsimphina. Ndati ndi simbi. Iwo, "Simbi kumwendo? Mwayamba kusita ndi mapazi, mayi?" Onse kuseka. Sindidziwa kunama.

Lachinayi, 12 Juni

A Magetsi abwera madzulo kunyumba, nkhope yowala. Akuti anaona ndikuyenda mopendama Lamulungu lija, ndiye anadziwa kuti vuto ndi mpando. Apita nawo kwa wosoka mipando. Siponji yatsopano, yochindikala, chikopa chofewa, ndi kotsamira msana kumbuyo. Agulanso chisoti chaching'ono, chobiriwira. Andiuza kuti pa ulendo wautali tiziima ola lililonse, kumwa madzi, kuwongola miyendo.

"Khalanipo muone." Ndinakhalapo. Ndi wofewadi. Bala likugunda pansi pa siketi ngati lili ndi mtima wakewake. Ndinati zikomo.

Munthu wabwino chonchi. Akonza zonse kupatula chimene sindinawauze.

Lachiwiri, 17 Juni

Masiku anayi osalemba. Thupi kutentha, mwendo kutupa, mafinya. Asisi anamva fungo pa nsalu yomwe ndimamangira, n'kundikokera kuchipatala.

Anamwino angoyang'ana kamodzi. "Chidindo cha njinga ichi. Mwezi uno ndinu wachinayi." Atsuka, ndalira. Jakisoni, mapiritsi, kutsukitsa tsiku lililonse. Ndafunsa za ulendo, motsitsa mawu. Akuti mwendo uwu kulendewera maola asanu ndi awiri, pafumbi? Ndiiwale.

Kwatsala masiku anayi. Mayi awo a Magetsi akuti ayeretsa kale chipinda.

Lachinayi, 19 Juni

Ndinalemba kalata katatu, katatu konse kung'amba. A Magetsi atabwera ndinangokweza siketi pang'ono, aone bandeji. Asisi ndiwo anafotokoza, ine maso pansi.

Sanakalipe. Bola akanakalipa. Anakhala pa mpando wa pakhonde nthawi yaitali, akutembenuza makiyi m'manja. Kenako anati, "Ndinakufunsanitu." Ndinagwedeza mutu. Anati cholakwa ndi chawo, anayenera kundiuza mbali yotsikira. Ataimirira ndi pamene ananena chimene chikundiwawa kuposa bala.

"Tsiku lomwe ndinakufunsirani munatinso eya. Ndidziwa bwanji kuti sikunali kundimvera chisoni?"

Anadikira. Anadikira ndithu. Kenako anakankha njinga mpaka kumsewu, n'kukailizira komweko.

Lachisanu, 20 Juni

Sanabwere. Sanaimbe. Uthenga ndinaulemba pa foni, sindinatumize. Asisi akuti, "Mwamuna sakwatira pepala. Pakamwa unapatsidwa n'podyera pokha?"

Ndasita diresi loyera la mkwatibwi wa eni ake.

Loweruka, 21 Juni

Kwangocha kumene. Ananena kale kuti adzanyamuka sikisi koloko, dzuwa lisanawawe. Tsopano apita okha. Akauza chiyani mayi awo, sindikudziwa.

Komwe amakhala a Magetsi ndi mphindi makumi awiri wapansi. Ndi mwendo uwu, mwina makumi anayi. Kupita nawo sindingathe. Koma asanalize njingayo amve kuchokera pakamwa panga, mokweza, ngakhale aneba atasuzumira pa mawindo. Ndimawafuna. Ndinkawafuna ndisanadziwe n'komwe dzina lawo lenileni.

Nsapato yakumanja sikulowa. Ndivala patapata. Asisi akadali m'tulo, chitseko ndikoka pang'onopang'ono kuti asadzuke.