Foni ya Zephaniah

Lolemba, 9 Juni 2025

Kuzizira. Magetsi anapita 5 koloko, tiyi ndaphikira pa mbaula.

Ndilembe pano, poti pa gulupu palibe akumva. Gulupu ya pa foni ija tinaipanga pa chifukwa chimodzi chokha. Mwa amene tinamaliza Fomu 5 mu 1971, muno m'Kabwe tatsala asanu ndi mmodzi. Chaka chatha Wesley anafera yekha m'nyumba, n'kupezeka patapita masiku atatu. Pamaliro pake tinapangana kuti m'mawa uliwonse, 8 koloko isanakwane, aliyense azilemba kuti Ndilipo, monga tinkayankhira poitana mayina m'kalasi. Amene sanalembe pofika 10, wapafupi apite akagogode. Basi. Buku lochongeramo mayina anandipatsa ine, akuti ndinali monita.

Lero Justina watumiza zithunzi za maluwa khumi ndi zinayi, chilichonse ndi vesi lake, ndi kanema wa munthu wina wonena kuti masamba a gwafa amathetsa BP. Josiah walemba za mpira. Kuti ndipeze ngati anthuwa ali moyo ndimachita kufukula.

Chimene chandikhala m'mutu ndi nthawi. Adamson 06:31, Zephaniah 06:32. Ndabwerera m'buku masiku khumi ndi awiri: tsiku lililonse Zephaniah akubwera mphindi imodzi pambuyo pa Adamson. Wina ali ku Chililalila, wina ku Natuseko. Ndipo chimwalirireni mkazi wake Cynthia, Zephaniah ankalemba 8 itatsala pang'ono. Munthu wa zaka 73 sasintha kadzukidwe popanda chifukwa.

Lachiwiri, 10 Juni

Adamson 06:40, Zephaniah 06:41.

Ndamuimbira kawiri, osayankha. Patapita theka la ola, uthenga: "Ndili bwino monita, ndatanganidwa." Watanganidwa ndi chiyani, munthu wopuma ntchito 2007?

Ndauza Justina. Akuti, "Iwe Emelda, unachoka ku labu koma labu sinachoke mwa iwe. Anthu si magazi oti uziwayeza." Zaka 34 ndinagwira ntchito imeneyo, ndipo magazi sanandinamizepo.

Lachitatu, 11 Juni

Tiyi wathu wa mwezi ndi mwezi kwa Justina ku Highridge. Tonse tinalipo kupatula Zephaniah. Adamson akuti, "Wapereka moni, mwendo ukumuvutako." Ndinatulutsa foni n'kuimba nambala ya Zephaniah pomwepo pa tebulo.

Inalira m'jekete la Adamson. Nyimbo ya kwaya ija. Inaimba mpaka vesi kutha, iye atangogwira sikono m'manja, akuyang'ana khoma.

Kenako anaulula. Zephaniah sakuonanso zilembo pa foni. Masabata awiri apitawo anamupatsa foniyo kuti azimuyankhira. Ndinamufunsa kuti anamuona liti komaliza. "Ndimapitako." Liti? "Pa Mande... kapena pa Chiweru." Ndiye kuti Loweruka. Masiku anayi.

"Manje chachilendo n'chiyani?" akutero. "Fomu 2 mpaka Fomu 5 ndani ankamuyankhira, iye ali ku sitesheni kugulitsa vitumbuwa vya amake? Iwe wemwe monita unkadziwa, unkangoyang'ana pansi."

Onse kuseka. Justina mpaka kupukuta misozi, akuti ubwenzi wotere kulibenso. Ndinawauza kuti mu 1969 Zephaniah akasowa m'kalasi anali ku sitesheni, lero akasowa angakhale ali pansi m'bafa. Prudence akuti ndilibe mtima. Mwina. Wesley anali ndi anzake a mtima ambiri.

Tiyi sindinamalize. Ndinamukoka Adamson, takisi mpaka ku Natuseko. Zotsala ndilemba mawa, ndatopa.

Lachinayi, 12 Juni

Za dzulo. Tinamupeza wamoyo, ndiyambe ndi pamenepo. Ali pa khonde ndi chikhoti, wailesi pa miyendo. Ndinaima masitepe atatu kuchokera pamene anali, iye akuti, "Ndani?" Nditatchula dzina anaseka. "Aa, ba monita. Ndiye kuti Adamson wagwidwa."

Maso onse awiri ayera pakati. Sindine dokotala, koma ng'ala ndimaidziwa.

M'khitchini: poto wopserera, buledi wa nkhungu wodyedwa theka. Izo n'zazing'ono. Zephaniah ali ndi shuga, amadzibaya insulini m'mawa ndi madzulo. Ndinamufunsa kuti mizere ya pa jekeseni amaiona bwanji. Akuti, "Chala chimadziwa." Ndinamuuza akoke ndione. Khadi lake la kuchipatala limati 18. Koyamba anakoka 9. Kachiwiri 31. Ndinamuyeza ndi kamakina kake komwe: shuga 19.

Adamson ataona manambalawo anakhala pansi pa sitepe. Bola.

Chimene akubisira ndi mwana wake Thelma wa ku Lusaka. Chimwalirireni amake, Thelma akufuna kumutengera ku fulati yake ya pamwamba. "Kumeneko ndikakhala pa windo ngati duwa la m'chitini," akutero Zephaniah. "Pano ndimadziwa pamene pali mpopi, pamene pali geti, njira ya ku tchalitchi. Manda a Cynthia ali kuno. Usamuuze, Emelda."

Sindinalonjeze. Ndinangoti ndamva.

Lero m'mawa ndabwererako kukamukokera mankhwala. Foni tamubwezera.

Lachisanu, 13 Juni

Ku chipatala cha maso kuyambira 7 mpaka 13 koloko. Dokotala, mtsikana wodekha, akuti ndi ng'ala ndithu, imachotseka, koma shuga atsike kaye. Watipatsa tsiku la 8 Julayi.

Tili panja Zephaniah akuti sapita. Msuweni wake wa ku Petauke anamuchita opaleshoni ya diso mu 1984, sanaonenso. Munthu mmodzi, zaka makumi anayi zapitazo, amene sitikudziwa n'komwe kuti ankadwala chiyani! Ndinamuuza zimene ndawerenga, kuti ochuluka kwambiri amaonanso bwino. Akuti, "Iwe ndi mabuku ako. Diso ndi langa." Ndinamuyankha kuti diso lakelo panopa silikumuthandiza chilichonse, sangaluze zimene alibe. Anakwiya mpaka ku Natuseko. Potsika akuti, "Pa 8 wati?"

Tinapeza Justina akudikira pa geti ndi kabotolo ka madzi a masamba, akuti aziwadontheza m'maso katatu pa tsiku, mayi wina wa ku tchalitchi kwawo anachira nawo. Kabotoloko kali m'chikwama changa ndipo sikatuluka.

Loweruka, 14 Juni

Maola atatu kuti anthu asanu agawane masiku asanu ndi awiri.

Ntchito yake ndi yochepa. Wa tsikulo afike 7 isanakwane, amuyeze shuga, alembe m'kope, akoke majekeseni awiri. Ya m'mawa adzibaye pomwepo, ya madzulo iikidwe m'kachitini mu mtsuko wa madzi, poti filiji ndi magetsi athuwa sitingaidalire. Prudence anali nesi, waphunzitsa onse kukoka. Josiah wayesa kasanu.

Josiah sangathe Lachitatu, akuti ali ndi nsolo. Justina akuti misewu ya ku Natuseko ikumuphera galimoto, koma watenga Lachisanu ndipo aziphika. Prudence masiku awiri. Ine Lolemba ndi Lachitatu. Adamson anafuna masiku onse. Tamupatsa Lamulungu, pansi pa diso langa.

Lamulo latsopano: Ndilipo sazilembedwanso. Aliyense azitumiza mawu ake, a pakamwa pake. Adamson akuti ndikumutenga ngati mbala. Ndamuuza kuti ayi, mbala imadziwa kuti ikulakwa.

Lamulungu, 15 Juni

Nditangotuluka m'tchalitchi, foni. Thelma.

"Anti Emelda, atate ali bwanji? Masabata awiri sanandiyankhe, amangolemba mauthenga. Lero ayankha koma akuthamangira kudula."

Amangolemba. Ndiye kuti Adamson ankayankhanso mwana wa mwini! Anandiwerengera umodzi: "Ndili bwino mwanangu, pemphera chabe."

Akanandifunsa za nyengo ndikanamuuza za nyengo. Koma anafunsa ngati ali bwino. Ndinati, "Sali bwino kwenikweni, koma nkhani ndi yawo. Imba 15 koloko, ndikhala nawo."

Ndinapita kukamuuza Zephaniah zimene ndachita, Adamson ali pomwepo. Zephaniah akuti, "Unkalemba mayina a ochita phokoso n'kukapereka kwa ahedi. Sunasinthe." Ndinamuuza kuti dzina lake sindinaperekepo, zaka zinayi zonse zija, koma nthawi imeneyo chilango chinali kutchetcha udzu.

Thelma ataimba, anamuuza yekha. Theka. Akuti maso akuchita chifunga pang'ono. Ndinatenga foni n'kumuuzanso za 9 ndi 31 zija. Akubwera Lachiwiri.

Lolemba, 16 Juni

Shuga 12. Mawu ake pa gulupu: "Ndilipo, ngakhale ena sakufuna." Kwa ine sanalankhule ngakhale moni.

Lachiwiri, 17 Juni

Thelma wafika 10 koloko ndi galimoto ndi masutikesi awiri opanda kanthu. Tonse tinali pa khonde ngati ana oitanidwa ku ofesi.

Ndinali nditakonzeka. Ndinamuonetsa kope: 19, 17, 16, 14, 13, 12, 11. Ndinamuonetsa ndandanda ya masiku, khadi la pa 8 Julayi, mtsuko. Anawerenga zonse bwinobwino, ndipo ndinamukonda chifukwa cha zimenezo. Kenako anafunsa, "Anti, wamng'ono pa ndandanda iyi ali ndi zaka zingati?"

71. Prudence.

"Ndipo ndi gulu lomweli limene linandinamiza masabata awiri, atate akudzibaya mwa mwayi."

Zonse ziwiri n'zoona. Sabata yonse ndakhala ndikumenya anthu ndi manambala, lero andimenya ine, ndipo ndinaona kuti zimawawa.

Justina anayamba za chikondi cha Mulungu, Thelma osamuyang'ana n'komwe. Ndiye Adamson anaimirira, chipewa m'manja. "Mwanangu, wabodza ndine ndekha, awa sanadziwe. Mauthenga aja ndinkalemba ine. Atate ako anandipempha, ndipo ine chiyambire Fomu 2 sindinawakanepo. Ndimayesa ndikuwathandiza. Ndikanawapha." Sindinadziwe kuti amatha kulankhula osaseka.

Thelma analowa m'chipinda, tinamva akutsegula wadiropu. Zephaniah anadzuka, osagwira ndodo, n'kumutsatira mpaka pa khomo. Sanagunde chilichonse. Tinamumva akuti, "Kwanu umachoka 6 koloko, umabwera 19. M'mawa ndani azindiitana dzina?" Zimene Thelma anayankha sitinamve. Anakhala m'katimo mphindi makumi awiri. Josiah anafuna kuyatsa wailesi, Prudence anamumenya dzanja.

Atatuluka, maso ofiira, analankhula kwa ine osati kwa ena. Atate akhala mpaka pa 8 Julayi, za mtsogolo tidzaona akachotsa bandeji. Iye alowe m'gulupu. Chithunzi cha kope tsiku lililonse. Tsiku limene mawu a atate sadzamveka pofika 8, kapena wina adzayankhire mnzake, aliyense, abwera ndi galimoto ndipo sipadzakhala zokambirana.

Ndinati n'zomveka. N'zimene ndikananena ine.

Masutikesi wawasiya. Ali pamwamba pa wadiropu, ndipo Zephaniah akudziwa, anawakhudza ndi dzanja.

Justina watumizira kale Thelma maluwa asanu ndi limodzi.

Lachitatu, 18 Juni

Tsiku langa. Minibasi ya 06:15, anthu mpweya uli tolotolo ndi kuzizira. Shuga 9.8, koyamba kutsika pansi pa 10. Nditamuuza anati, "Hm." Kenako, "Tiyi ali mu fulasiki, Thelma anasiya." Ndiye kuti tayambanso kulankhulana.

Ndinamugwirira foni, ananena Ndilipo wake, 07:04. Thelma anayankha pomwepo. Ndinatumiza chithunzi cha kope. Ndinakwecha poto uja, ndinachotsa kapeti ya pa khomo imene ingamugwetse, tinakangana za kapetiyo, ndinapambana. Pobwerera ndinadzera ku msika kugula kapenta ndi repu. Foni ili pansi pa chikwama.

Ndafika kunyumba 10:45. Pa sitepe panga pakhala Adamson, jekete lomwe lija, akuuzira m'manja.

Ndinaganiza kuti kwagwa zina ku Natuseko. Akuti ayi. "Sunayankhe, monita."

Ndinatulutsa foni. Josiah, Prudence, Justina, Zephaniah, Adamson. Ine palibe. Chiyambire gulupu sindinaphonyepo tsiku.

Ndinamuuza kuti ndandanda ali nayo, akudziwa kuti Lachitatu ndili kwa Zephaniah, chithunzi cha kope ndatumiza ine, ndipo mu uthenga wa Zephaniah mawu anga akumveka kumbuyo ndikumuuza kuti ayandikitse pakamwa.

"Ndawamva," akutero. "Justina anati ndingokuyankhira, tonse tikudziwa kumene uli. Koma sindinakuone. Ndipo mwana uja ali pa gulupu."

Wakwera minibasi kuchokera ku Chililalila ndi bondo lake lija, wagogoda, wazungulira kuseri, wasuzumira pa windo la bafa. Aneba anamufunsa ngati ndi wa mita ya madzi.

Ndinafuna kumuuza kuti akanangoimbira Zephaniah. Sindinanene. Ndayatsa mbaula, ndamuikira tiyi. Iye ali pa mpando wanga akudya buledi wanga, akundiyang'anira ndikujambula mawu.

M'buku ndalemba ndekha: Emelda, 10:52, mochedwa.