Bwezani makalata atatu a chitseko cha zinyalala

Achemwali,

Landirani moni wochokera kuno. Ndikufunsa za moyo wanu ndi wa alamu, komanso za bondo lija ngati kutupa kunatsika. Ine ndili moyo. Khutu lakumanzere silikumva kuyambira tsiku la nkhondo, ndipo adokotala akuti mwina libwerera, mwina ayi. Zina zonse m'thupi zilipo.

Kalata ino sinadutse ku positi ya siteshoni. Ndapatsira pamanja woyendetsa chombo cha katundu amene wakupatsaniyo. Akhala kumeneko masiku anayi akupakira, kenako abwerera kuno. Musamufunse zambiri, sakudziwa zimene zalembedwamu. Muiwerenge nokha. Musaitane anthu kuti adzamvere monga munkachitira ndi makalata anga ena onse.

Ndikudziwa kuti munamva pa wailesi kuti siteshoni yathu ya m'mlengalenga inaukiridwa, ndipo ndamva kuti ena kumeneko anavina m'misewu. Ine sindilowa za amene akulondola pa nkhondoyi. Ine ndine wa sopo. Kwa zaka 17 ntchito yanga yakhala ndowa ndi bulashi, kupaka thovu pa mphira za zitseko zakunja. Thovu likamira penapake ndiye kuti mpweya ukuthawira kunja, ndimalemba m'buku, amisiri amabwera. Anthu oposa 40,000 amapuma mpweya wotsekeredwa ndi zitseko zimenezo, ndipo palibe ndi chimodzi chomwe chimene chinadonthapo ine nditachidutsa.

Linali Lachinayi, 9:40 m'mawa, nthawi yathu yotaya zinyalala. Mukudziwa kale, poti ndinakulemberani, kuti mizinga ya kuno imaomba yokha ikaona chinthu chikuyenda kunja, ndipo chaka china inathera zipolopolo pa mapoto obooka ndi mipando yothyoka. Kuyambira pamenepo, tikamatsegula chitseko chachikulu cha zinyalala, mizinga ya mbali yathu amaizimitsa kwa mphindi 18. Tsikulo tinatsegula monga mwa masiku onse. Zinyalala zinatuluka n'kumwazika ngati mtambo. Ine ndinali pa zenera la chitseko cham'kati ndi ndowa yanga, kudikira kuti atseke ndipake. Ndiye ndinaona timoto tikutuluka kuseri kwa mtambowo.

Zinali ndege zankhondo zing'onozing'ono za munthu mmodzimmodzi. Zinabwera mondondozana ngati mavu, popanda phokoso lililonse, poti kunjaku mawu sayenda. Ndinawerenga mpaka 19, kenako pansi panagwedezeka, ndowa inagubuduka, magetsi anasanduka ofiira. Sizinasochere ndi pang'ono pomwe. Zinalunjika pa chitseko chathu ngati anthu amene anabadwira pamenepo.

M'chipinda cha zinyalalacho munali Neba, atavala suti ya mpweya, akukankha zotsalira. Tinkamutchula Neba chifukwa iye ankaitana aliyense kuti neba, ndi mabwana omwe. Wagona pa bedi la pamwamba pa langa zaka zisanu ndi zinayi. M'mawa womwewo anandiseka kuti ndimapinda masokosi ngati mabwana akubwera kudzawayendera, ndipo akuti tsiku limene ndidzafe adzapeza nditadziyeza kale bokosi. Belu la ngozi likalira, lamulo limati amene ali pafupi akoke chitsulo chogwetsa chotchinga, kaya m'kati muli munthu kaya mulibe. Amene anali pafupi ndine. Kumbuyo kwanga kunali kolido ya ochapa zovala. Ndinakoka. Neba anali atatembenuka akundikweza dzanja, sindikudziwa ngati ankati dikira kapena ankati tseka.

Mbali yathu yokha kunafa anthu 143. Ophika, ochapa, osesa, amisiri a mapaipi. Ndayenda pa mndandanda wonse ndi chala, sindinapeze ndi mmodzi yemwe wonyamula mfuti. Siteshoni sinagwe ayi, ikuzungulirabe, ndipo mabwana amene adaniwo ankawafuna akumwabe tiyi wawo mbali ina. Ife atisamutsira m'chipinda cha anthu 12, madzi otentha kulibe, ndipo nsapato zanga za ntchito zinatsalira kuseri kwa chotchinga.

Mwana wanu ali moyo. Ndayamba ndi zina dala, kuti mudikireko pang'ono, poti mkazi wa Neba akudikira mtembo umene sudzabwera. Anali mmodzi wa otiukirawo, ndege yake inawombedwa mizinga itayaka, anamutola akuyandama. Mkono wakumanja unapsa koma sanaudule. Ali m'chitokosi pansi pa chipatala. Munandilembera chaka chatha kuti wapita kukaphunzira za makina. Makina akewo ndawaona.

Tsopano tiyeni ku makalata. Mukudziwa kuti makalata anga ndimaika nambala pakona. Mu nambala 61 ndinalemba za mizinga ndi mapoto ija ngati nthabwala, kuti museke. Yankho lanu linabwera ndi mafunso, olembedwa ndi dzanja lanu lomwe. Munati mwanayo amanyadira malume ake, ndipo akufunsa kuti zinyalala mumataya tsiku lanji, nthawi yanji, ndipo kodi nthawiyo imasintha. Ndinayankha mu 63, ndi chithunzi chojambula ndi lula. Munafunsanso kuti mizinga imakhala yozima mphindi zingati kwenikweni. Achemwali, ndinabwereka wotchi. Ndinaima pa zenera lija Lachinayi katatu kuti ndisamunamize mwana. Ndinalemba mu 64 kuti ndi 18, osati 20 monga anthu amanenera. Palibe amene anandifunsapo za ntchito yanga chiyambire, ndiye mtima unatupa. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Sindikufunsani ngati munkadziwa. Ndadzifunsa ndekha kokwanira. Ngati munkadziwa, munandigulitsa. Ngati simunkadziwa, mwalera munthu zaka 24 m'nyumba ya zipinda ziwiri osamuona nkhope. Sankhani nokha chimene mungagone nacho.

Ofufuza anamanga akapitawo athu, chifukwa buku la nthawi za chitseko limakhala m'kabati mwawo. Akapitawo si mnzanga. Amanditchula Nkhono, ndipo anandibwerezetsapo chitseko chimodzi katatu anthu akuona. Koma bukulo sanalionetse munthu. Ali ndi ana aakazi atatu, ndipo mkazi wawo amaima pa kolido ya ofesi tsiku lililonse ndi chakudya chimene alonda samulola kulowetsa. Mlandu uli pa 28 mwezi uno. Chilango cha mlandu wotere nthawi ya nkhondo aliyense akuchidziwa.

Ndikuuzeninso zanga, kuti musati ndikudziyeretsa. Kalata iliyonse ndimayamba ndailemba pa pepala lina, ndipo mapepalawo ndinkasunga pamodzi ndi mayankho anu. Tsiku lotsatira nkhondo mantha anandigwira. Ndinawaviika onse mu ndowa ya sopo, ndinawafinya mpaka anasanduka phala, n'kuwataya. Kenako ndinakhala chete masabata awiri, ndikudutsa mkazi wa akapitawo m'mawa uliwonse. Amandipatsa moni. Tsiku lina anandithokoza kuti ndine ndekha amene sindimulambalala.

Lolemba lapitali ndinavala malaya oyera n'kupita kwa ofufuza. Ndinanena zonse mwandondomeko, ndi manambala a makalata omwe. Wamkulu wawo anandifunsa kuti sukulu ndinalekezera pati. Nditanena kuti kalasi yachisanu, anaitana mnzake kuti adzaone wopaka sopo amene waboola siteshoni yaikulu kuposa zonse. Mnzakeyo anafunsa ngati mkazi wa akapitawo ndi chibwenzi changa. Anati anthu ovulala m'mutu amabwera ambiri kudzaulula zimene sanachite, ndipo ine ndine wachinayi sabata imeneyo. Anafunsa umboni. Umboni ndinali nditaufinya ndi manja angawa.

Ndiye ndinati akanditengere kwa mkaidi wopsa mkono, chifukwa ndi mwana wa mlongo wanga. Ananditengera, ndikuganiza kuti ankafuna kuseka. Mwana wanu anali atakhala pa benchi. Anandiyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu, pang'onopang'ono, monga bambo ake amayang'anira munthu wobwera nthawi ya chakudya. Kenako anauza alonda kuti iye alibe malume, mayi ake anabadwa okha, ndipo amuchotsere mdala wa thovuyu chifukwa akununkhitsa chipinda. Dzina limene wawapatsa si lake. Alonda anaseka mpaka wina anatsamira khoma. Mwana amene ndinamunyamula pa phewa kupita naye ku chipatala atameza batani.

Musandilembere kuti anachita zimenezo pondikonda. Ndikudziwa chimene ankachita, si ine chitsiru cha tsiku lililonse. Atafuna nthawi ya chitseko anandigwiritsa ntchito osandifunsa. Tsopano wafuna kundipulumutsa, sanandifunsenso. Kawiri konse ndine bulashi m'manja mwake. Ndipo chifundo chakecho akulipira ndi khosi la bambo wa ana atatu amene sanamuonepo.

Pempho langa ndi limodzi. Mupatseni woyendetsa chomboyo makalata nambala 61, 63 ndi 64, ali m'maenvulopu awo, chifukwa chidindo cha positi ya kuno ndi deti zili pa envulopu. Ali m'chitini chija cha mabisiketi pamwamba pa kabati, mmene mumasunga onse. Nambala 63 ili ndi mapepala awiri ndi chithunzi, zonse zibwere. Musandiuze kuti makoswe anadya. Musadule pakona pamene pali dzina lanu. Muwakulunge mu pulasitiki, m'chombo mumadontha mafuta.

Ndikudziwa chimene makalatawo achite. Adzadziwa dzina lenileni la mwana wanu, ndipo adzabwera pakhomo panu. Mukangomupatsa munthuyo, tengani atsikana anu awiri mupite kwa abale a alamu, musadikire kuti mwezi uthe. Za ine musavutike nazo. Zovala ndapinda kale, bulashi ndabweza ku sitolo, ndipo m'buku ndalemba zitseko zisanu ndi chimodzi zimene mphira zake zayamba kuuma, kuti wobwera pambuyo panga asazidumphe.

Chombo chikafika chopanda kanthu, pa 28 ndidzaimirira m'bwalo la milandu anthu onse ali momwemo. Ndidzatchula dzina lanu, msewu wanu, nambala ya nyumba, kabati ndi chitini. Akadzandiseka, wina mwa iwo adzalembabe, ndipo adzatumiza anthu kudzatenga okha. Iwo sadzakupatsani masiku anayi. Ine ndakupatsani, ndipo ndi chokhacho chimene ndatsala nacho chopatsa mwana wa mayi anga.

Mupereke moni kwa alamu, muwauze kuti mwana wawo akudya ndipo mkono akumutsuka tsiku lililonse, ndinafunsa kwa anamwino. Moni kwa atsikana awiriwo, iwo sanandilakwire. Azakhali muwauze kuti ndili bwino basi, zina mtima wawo sungathe. Mukadutsa ku manda a mayi, musawauze kanthu, ndikawafotokozera ndekha.

Tsalani.

Ine mlongo wanu,
amene mwana wanu akuti kulibe.