Sevu Yachiwiri Yanditopetsa

Lolemba, 12 Ogasiti
Ma dabo folti leveni pa tenesi lero. Leveni! Sevu yoyamba ikangophonya, mkono umafa, yachiwiri nayo m'neti. Belinda, mnzanga amene timasewera mbali imodzi, wanena pagulu: "Iwe Marjory, Loweruka pa mpikisano ukachita futi vimenevi, nizatenga Cynthia." Zaka ziwiri tili limodzi! Mu minibasi yobwerera ku Kanyama ndamufunira zoipa. Ambuye ndikhululukireni. Koma pakamwa pakepo, ayi.

Lachiwiri, 13
Nditaweruka, ola lathunthu ndikumenya mpira pakhoma la fakitale. Pakhoma sindiphonya. Khoma silindiyang'ana.

Lachitatu, 14
Ba Chisala, kochi wathu, akuti ndisamakankhe mpira ngati ndikuopa kuupweteka, ndiziupala ndi raketi kuti uzungulire. Ndamva. Chaka chatha ndinamvanso. Ine ndangotalikitsa pemphero langa la pa sevu. Mphepo nayo, fumbi lokhalokha.

Lachinayi, 15
Manyazi. Ba Chisala anandijambula pafoni osandiuza. Ndadzionera ndekha: ndikaponya mpira m'mwamba, ndimatsinzina! Pa sevu yachiwiri pokha, poti ndi pamene ndimapemphera. Iwo akuti, "Manje mpira uzauona bwanji, mayo?" Belinda waseka mpaka kukhala pansi. Akuti Amen akamafika, mpira unagwa kalekale.

Ine sindinapempherepo maso ali gwa. Ku Sande sukulu aticha ankatikoka khutu ukasuzumira.

Lachisanu, 16
Ndayesa kuseva osapemphera. Ndinamva ngati Mulungu ndamusiya pageti. Ndayesa kupemphera ndikuyang'ana, maso akutsekeka okha. Ndatukwana kawiri, kamodzi mokweza. Ndatopa nazo.

Loweruka, 17
Mpikisano. Seti yomaliza, ndikaphonya basi tatuluka. Yoyamba, m'neti. Belinda ali kutsogolo, osacheuka, anangoti, "Pemphereratu, sisi. Mpira gwira m'manja. Nizayembekeza."

Ndinaima pamzere, ndinatsinzina, ndinapemphera lonse mpaka Amen. Woyimbira anatsokomola kawiri. Kenako ndinatsegula maso, ndi kuponya. Ndinauona mpira uli m'mwamba, mbali imodzi ubweya unatha. Ndinaupala. Unalowa! Mayi wa ku Matero wa mbali inayo anaubweza kunja.

Tinaluzabe, magemu awiri pambuyo pake. Ma dabo folti anayi.

Pasiteshoni tinasiyana ndi Belinda. Minibasi yake ya ku Chawama itadzaza, anatulutsa mutu pawindo: "Mande ubwere na mipira yako, yanga yasila. Usachedwe!"