Kadi ya Sikelo ya Tamara

Amayi, muli bwanji kodi kumeneko? Ine kuno mtima suli m'malo, n'chifukwa chake ndathamangira kwa inu.

Ndiyambe ndi zabwino. Mng'ono wanga Esinati wabereka mwana wamwamuna ku Matero. Maungu munadzala kuseri kwa nyumba aja ameranso okha, tikudya masamba ake, chibwabwa. Madzi a mvula analowanso m'nyumba monga mwa nthawi zonse kuno ku Kanyama, koma matilesi tinapulumutsa. Mdzukulu wanu Tamara, amene ankakwawa muja munatisiya, tsopano akuthamanga.

Nkhani ndi ya apongozi anu, amuna anga baYohane. Anesi a ku kiliniki anatilembetsa m'gulu la mabanja a ana aang'ono. Timakumana Loweruka lililonse, mwamuna ndi mkazi wake, ati tiphunzire kulera mwana pamodzi osakangana. Ine ndinkadziwa kuti baYohane akana. Munthu amene sanagwirepo thewera. Koma Amayi, Loweruka likafika iwo ndi amene amayamba kuvala nsapato.

Kumeneko amasambitsa chidole m'beseni amuna anzawo akuseka, iwo osaseka. Kunyumba andifunsa muyeso wa madzi a phala, ndi mmene ndimamangira chitenje pobereka. Aphunzira ngakhale kanyimbo kogonekera mwana. Anzanga akuti ndili ndi mwayi. Mwayi wanji? Munthu amaphunzira ntchito ya mnzake ngati akufuna kumuchotsa.

Mukukumbukira amake Mwape a pampopi aja? Amuna awo anatenga ana kupita nawo kwa amayi awo ku Chazanga, ati kukacheza. Anatenganso makadi a sikelo. Mpaka lero ana sanabwere. Tsiku lija inu munandiuza kuti, mwana wanga, chitenje ubwereke, poto ubwereke, koma kadi ya mwana usapatse munthu.

Tsopano a gulu atipatsa ntchito ya sabata ino, kusinthana. Ine ndikagule malasha, baYohane apite ndi Tamara ku sikelo Lachisanu, okha. Dzulo andipempha kadi. Ndinanama kuti yasowa, chonsecho ili m'chitenje chanu chobiriwira pansi pa sutikesi.

Sanakalipe. Anakhala pakhomo, kenaka anati, "Muja unkadwazika amayi m'chipatala unandisiyira mwana. Analira mpaka mawu kutha, ine ndinamupatsa tiyi wopanda mkaka. Sindifuna kudzaimanso ngati chitsiru pamaso pa mwana wanga."

Za tiyi anali asanandiuzepo, Amayi. Ndinamva chisoni. Koma amuna a amake Mwape nawonso ankalankhula bwino. Ndiponso apongozi anga, amayi awo a baYohane, masiku ano akufunsa za Tamara kawirikawiri, ati waonda. Waonda pati?

Ndikakana, ndiye kuti ndine amene ndikuphwanya banja, ndipo Loweruka akandifunsa pamaso pa anthu. Ndikapereka, mwina ndapereka mwana. Inu mukanandiuza chochita musanamalize n'kusenda komwe nyemba.

Ndaganiza chonchi. Kadi ndiwapatsa Lachisanu m'mawa, ndiwamangirenso mwana kumbuyo ndi chitenje chanu chomwecho. Malasha adikire. Ndiwatsatira patali, ndikaime kuseri kwa amayi ogulitsa tomato pamphambano paja. Akakhotera ku kiliniki, ndibwerera ndikawaphikire nkhuku, ndipo za kunama ndiwauza ndekha. Akakhotera kokwerera mabasi, Kanyama yense adzamva mawu anga.

Ndimakukondani, Amayi. Mdzukulu wanu sindimutaya, ndalumbira.

Ndine mwana wanu,
Lusiya