Matayala a ndege ndi nsapato za Tiyamike

Okondedwa achimwene,

Ndikhulupirira muli bwino kumgodiko. Kuno ku Luwawa tilipo, kungoti bambo chifuwa chawavuta ndi chisanu cha m'mapainimu. Alamu akuti moni.

Ulendo wanga wochokera ku Joni unatsala pang'ono kuipa. Titayandikira Chileka, woyendetsa ndege analengeza kuti getsi losonyeza kuti matayala atuluka silikuyaka. Tinazungulirazungulira, kenaka anadutsa chapansipansi kuti apabwalo asuzumire kumimba kwa ndegeyo. Iwo anati matayala akuoneka, koma ngati alimba sakudziwa. Anatiuza tiike katundu pansi pa mipando, tiweramitse mitu pamaondo. Ine nsapato munagulira mwana wanu Tiyamike zija ndinazibisa m'malaya, ndikuti zikavuta andipeze nazo. Tinatera bwinobwino. Akuti linali babu lopsa chabe.

Koma achimwene, nsapatozo sizikumukwana. Munamusiya akukwawa, lero akuthamangitsa nkhuku, aliyense womupatsa kanthu akumuti "yewo". Komabe nsapatozo amagona atazikumbatira.

Ndapota, kontirakiti ikatha musasainenso ina. Bwerani mudzamuyeze phazi nokha.

Mulungu akusungeni pansi pa nthakapo.

Ndine mng'ono wanu,
Yohane